Mmene Galikali Anakanganirana ndi Mkamwini Wake

Galikali analowa m'bungwe la alonda a dziko ndi nyanja la ku Barrkiya atanyamula tsache. Uku si kuphiphiritsa ayi: tsache lenileni la chogwirira chofiira, ndi ndowa ya madzi a sopo. Mwamuna wake anali atangomwalira kumene, ana anayi akumuyang'ana m'manja, ndipo ofesi ya bungwelo inkafuna munthu wosesa, wowiritsa tiyi ndi woyala mipando. Pa pepala la ntchito anamulemba kuti Lorna, dzina limene anamupatsa amishoni. Koma ku Barrkiya ukafunsa za Lorna anthu amangoyang'anana. Onse amamudziwa kuti Galikali.

Masiku amenewo bungwelo linali la Ayolng'u, mtundu wa eni dzikolo, pa chikwangwani pokha. M'kati, patebulo lalitali, munkakhala abalanda, azungu ochokera kumzinda wa Darwin ndi kum'mwera, atayala mapu awo. Eni dziko ankakhala pakhonde. Ankawatcha alangizi, koma ulangizi wawo unali kudikira masikono a teni koloko. Mbalanda akafuna kudziwa kumene ng'ona zimaikira mazira, ankasuzumira pawindo n'kufunsa, akayankhidwa n'kutsekanso windolo kuti mpweya wozizira usathawe.

Zaka khumi ndi zinayi Galikali anayenda pakati pa tebulo ndi khonde ali ndi ketulo m'manja. Munthu wa ketulo saoneka, ndiye amamva zonse. Anaona mabwana asanu ndi mmodzi akufika ndi zipewa zatsopano, n'kuchoka mphuno zitasupuka ndi dzuwa. Mmodzi mwa iwo analamula kuti tchire litenthedwe mu Ogasiti, chifukwa ndi mmene zinalembedwera pa kalendala yake. Tsiku limenelo Galikali anaika ketulo patebulo mwamphamvu mpaka makapu analira.

"Mu Ogasiti udzu wauma gwa, mphepo ndi yaukali," anatero. "Mukatentha nthawi imeneyo mupsereza mitengo ya njuchi ndi zilazi zomwe. Ife timatentha mame akadagwa."

"Zikomo, Lorna," anayankha bwanayo. "Mkaka ulipo?"

Tchire linapsa mu Ogasiti, ndipo linapsadi, masiku asanu ndi anayi, mpaka moto unanyambita mpanda wa bwalo la ndege. Galikali sanakumbutse munthu kuti ananena. Anangosiya kuthira shuga m'tiyi wa bwanayo kufikira tsiku limene anakwera ndege.

Zinthu zinatembenuka mochedwa. Akuluakulu anayenda maulendo, analembetsa makalata, ena anamwalira nkhaniyo ikadali m'njira. Koma potsiriza bungwe linabwerera m'manja mwa eni ake. Panakhazikitsidwa komiti ya mipando isanu ndi iwiri, fuko lililonse mpando wake, ndipo abalanda otsalawo anasanduka antchito a komitiyo. Fuko la Galikali linali litachepa zomvetsa chisoni. Mkulu wake wa Galikaliyo anali ku Darwin pa makina otsuka magazi, mlongo wake anali atatsogola, ana a mlongoyo akadali kusukulu. Mpando wa fukolo unagwera iye.

Patapita zaka zitatu panafunika wapampando wa komiti yonse. Amene anamutchula anali a Bulany, mkulu wa malemu mwamuna wake, nkhalamba ya diso limodzi koma pakamwa pa anthu khumi.

"Tisankhe mlamu wangayu," anatero a Bulany. "Enafe misonkhano tinkaimvera pawindo. Iyeyu ankaimvera m'kati. Komanso ndi yekhayu amene amadziwa kobisidwa shuga."

Anthu anaseka, manja n'kukwera onse. Galikali anapita kunyumba tsiku limenelo, ndipo njira yonse ankalankhula ndi malemu mwamuna wake chamumtima kuti, taona zimene achita abale akowa.

Buku la malamulo a bungwe analikonza okha. Lamulo limene ankalinyadira kwambiri linali lakuti pa nkhani yotseka kapena kutsegula dziko ndi madzi, mafuko onse asanu ndi awiri akhalepo ndi thupi, wina asasowe. Anali atatopa ndi kumva kuti zakwanu zinagamulidwa inu kulibe. Ofesi ina ya ku Darwin, imene imayang'anira mabungwe otere, inawonjezera lake: misonkhano itatu ikalephereka motsatizana, ofesiyo idzatumiza munthu wake kudzagwira mpando chaka chathunthu. Anthu anasainira akuseka. Ndani akanalephera misonkhano itatu ataidikira moyo wake wonse?

Tsono panali nkhani ya Wulkana. Mtsinje umenewu ndi wa fuko la a Bulany, ndiye kuti wa malemu mwamuna wa Galikali ndi wa ana ake. Chaka chilichonse mu Febuluwale maboti a asodzi amalonda ankabwera kudzatchera maukonde pamathiriro ake, pamene madzi a mtsinje amakumana ndi amchere. Iwo ankafuna nsomba, koma ukonde susankha. Akamba a m'nyanja ankapezeka pamchenga atatupa, makosi ali ndi mabala a ulusi. M'mawa wina Galikali anawerenga khumi ndi atatu, anakhala pansi pamchengapo n'kulira mokweza osasamala kuti alonda akumuona. Zaka zisanu ndi ziwiri komiti inapempha kuti malowo atsekedwe. Chaka chimenecho kalata inabwera yakuti boma lavomera, bola komiti igwirizane pamsonkhano wovomerezeka Januwale asanathe, nyengo ya maukonde isanatsegulidwe.

Apa ndiye panagona nkhani. Kwa Ayolng'u mwini dziko sagamula za dziko lake ali yekha. Pamafunika nkhoswe ya dzikolo, munthu wobadwa kwa mkazi wa fukolo, ndipo iye asanatsegule pakamwa eni ake amakhala chete. Nkhoswe ya Wulkana inali nkhalamba ina imene inkakhalanso m'komiti poimira fuko lake. Nkhalambayo inamwalira mu Novembala, ndipo maudindo onse awiri anagwera Wamut, woyendetsa boti la alonda, mwana wa mlongo wa a Bulany. Wamut ameneyu ndi mwamuna wa Selma, mwana woyamba wa Galikali.

Ku Barrkiya mkamwini ndi apongozi ake aakazi sapenyana, salankhulana, satchulana dzina, sakhala chipinda chimodzi. Si chidani, ndi ulemu wofika pamapeto ake. Kugolosale mmodzi akalowa, wina amadikira kuseri kwa thanki ya madzi. Tsiku lina galimoto ya alonda inamupeza Galikali panjira dzuwa likuswa mtengo. Wamut anaimitsa, anatsikira mbali ina, anaponyera mnzake makiyi, iye n'kuyenda wapansi makilomita khumi ndi awiri kuti apongozi ake akwere. Galikali ankamukonda munthu ameneyu ngati wobala yekha, koma pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ukamwiniwo nkhope yake sankaidziwa bwino. Ankamudziwa msana.

Msonkhano woyamba unali mu Disembala. Wamut anafika pakhomo la holo, anaona nsonga ya siketi ya apongozi ake, anatembenuka n'kubwerera. Mipando isanu ndi umodzi, msonkhano walephereka. Wachiwiri unali chaka chitangoyamba. Galikali anakhala kunyumba kuti mkamwini alowe, koma fuko lake linasowa woliimira. Mipando isanu ndi umodzi kachiwiri. Lamulo lawo lomwe lija, lonyaditsa lija, linawaluma chala.

Kutatsala tsiku limodzi kuti wachitatu uchitike, ndege ya makalata inatsitsa Bambo Hollis a ku ofesi ya ku Darwin ija. Anali munthu wabwino, wa mtundu uja wa anthu abwino amene amatopetsa. Anamupeza Galikali masana pansi pa mtengo wa bwemba kunyumba kwake, Selma akuotcha nkhanu pamakala, a Bulany akudya zimene zapsa kale.

"Mayi wapampando, ine sindinabwere kudzalanda mpando wanu," anatero Bambo Hollis atakhala pa chitini cha ufa. "Koma mawa zikalepherekanso palibe chimene ndingachite. Tidzatumiza munthu wathu, ndipo pofika nthawi imeneyo maboti adzakhala atatchera kale."

"Tamva," anatero Galikali.

"Ndi ola limodzi lokha. Mungokhala m'chipinda chimodzi, mukweze manja, basi. Ndani angakuimbeni mlandu pa chinthu chabwino chotere?"

A Bulany anayamwa mwendo wa nkhanu n'kuuponyera galu. "Ine nzeru ndili nayo. Selma, mawa m'mawa umusudzule mwamunayo, madzulo mukwatiranenso. Umboni ndichitira konse kuwiri, bola nkhanu zikhalepo."

"Bambo aakulu, inu mano anatha koma pakamwa sipatopa," anatero Selma osatembenuka.

Galikali sanaseke. "Bambo Hollis, ife tinamenyera bungweli kuti chilamulo cha dziko lino chikhale patebulo, chichoke pakhonde. Ndiye tsiku loyamba chatiyesa, tichitulutsenso panja? Mtsinje ndiutsekadi, koma pambuyo pake ndidzakhala wapampando wa chiyani?"

"Nanga akamba?" anafunsa Bambo Hollis mofatsa.

Funso limenelo linamubaya Galikali. Mlendoyo atachoka anakhala nthawi yaitali akuyang'ana makala akuzima. Anali ndi mantha, mantha enieni. Akaswa mwambo, akhala munthu woyamba kuonetsa ana kuti chilamulo chimapindika pepala likalamula. Akausunga, mpando umene akuluakulu anafera ubwerera kwa mbalanda uli m'manja mwake, ndipo ku Darwin adzati tinanena, anthu awa sangathe. Zinthu zinali zitafika pa mwana wakana phala.

Kutacha analawirira kuholo kukayala mipando. Ntchito imeneyi sanaisiye ngakhale atakhala wapampando, chifukwa ankati ena amayala ngati akuthawa njoka. Selma anamutsatira ndi buku la malamulo m'thumba la pulasitiki, poti mvula inali itayamba kuwaza.

"Werenga," anatero Galikali.

"Amayi, ndawerenga kanayi. Mulibe pothawira."

"Werenga potopetsa paja, pamene aliyense amadumpha."

Selma anapumira m'mwamba, anatsegula kumapeto n'kuyamba kumasulira mzere ndi mzere. Za nthawi yoyambira. Za wolemba. Za amene wachedwa. "Membala aliyense polankhula alankhule kwa mpando, osati kwa membala mnzake."

Galikali anaima ndi mpando m'manja. "Kwa yani?"

"Kwa wapampando, amayi. Kwa inuyo."

"Iwe wanena kuti mpando."

"M'chinenero chawo mawu ake ndi amodzi. Mpando ndi wokhalapo amazitchula chimodzimodzi."

Apo Galikali anakumbukira abalanda awiri a masiku a ketulo aja, wina woona za moto, wina woona za nsomba. Anadana chifukwa cha galimoto, ndipo zaka zitatu sanayang'anane m'maso. Koma misonkhano sankaphonya. Wina ankayang'ana kutsogolo n'kunena kuti, kudzera kumpando, mnzangayu akunama. Winayo nayenso maso kutsogolo, kudzera kumpando, mnzangayu sadziwa kuwerenga mapu. Tsiku lina bwana wawo, amene anali wapampando, anatuluka kupita kuchimbudzi, iwo osazindikira n'komwe, anapitiriza kudandaulira mpando wopanda munthu mpaka tiyi anazizira.

Galikali anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ikutuluka.

"Amayi, mwatani?"

"Selma mwana wanga, abalanda nawo ali ndi apongozi! Anangoiwala kutiuza."

Koma sanagamule yekha, poti mutu umodzi susenza denga. Anatuma Selma kukaitana a Bulany ndi amayi awiri achikulire osunga miyambo, ndipo anawafunsa ataweramitsa mutu: munthu akalankhula ndi chinthu, mkamwini ali chapatali kuseri kwa khoma, walakwa kodi? Amayi aja ananong'onezana nthawi yaitali. Wamkuluyo anati agogo ake ankatero pa nthawi ya mavuto, ankauza moto kapena mtengo wokumbira zilazi zimene mkamwini ayenera kumva, nkhope ili kwina, mawu ali pansi. Bola pasakhale dzina, pasakhale diso.

"Ine apongozi anga anandinyoza zaka makumi atatu kudzera mwa galu," anatero a Bulany. "Galu iwe, pali amuna ena aulesi m'mudzi muno. Galu iwe, denga likudontha koma anthu ena ali mtulo. Galuyo anachita kuwonda ndi manyazi."

"Nanga inu munawonda, alamu?" anafunsa Galikali.

"Ine ndinkangomvera chisoni galuyo."

Teni koloko itakwana Bambo Hollis analowa muholo akukutumula ambulera, n'kuima chilili. Tebulo linali litakankhidwira kukhoma. Mamembala asanu anali atakhala mozungulira. Pakhomo lotulukira kukhonde, pakati penipeni, panali mpando woyera wa pulasitiki wopanda munthu. Galikali anali pansi pamphasa m'kati, kumanzere kwa khomolo, nkhope itayang'ana kukona. Pakhonde, kuseri kwa khoma, panali Wamut atafulatira, akuyang'ana mvula.

"Mayi wapampando, malo anu ndi apo," anatero Bambo Hollis akuloza mpando uja.

"Ali bwinobwino pamenepo. Tsegulani buku, tsamba lomaliza, muwerenge mokweza."

Anawerenga. Anawerenganso chamumtima, milomo ikugwedera. "Izi zikutanthauza munthu, mayi."

"Palembedwa munthu?"

"Sipanalembedwe, koma aliyense amadziwa."

"Ife tinasainira zolembedwa. Zimene aliyense amadziwa sitinazione."

Bambo Hollis anakanda kumutu. "Chabwino. Koma bambo ali panjawo sali mumsonkhano. Buku likuti akhalepo ndi thupi."

Galikali ankadziwa kuti funso limeneli libwera, ndipo ankalidikira ngati mmene ng'ona imadikirira pa dooko. Anauza Selma kuti atsegule kabati yachitsulo ya pakona, imene iye anaipukuta fumbi zaka khumi ndi zinayi. Munali mabuku akale a misonkhano, a zikuto zobiriwira.

"Tengani lililonse, Bambo Hollis. Werengani pamwamba, pamene palembedwa amene analipo."

Anatenga limodzi. Pa tsamba loyamba panali maina a abalanda asanu, pansi pake maina a akuluakulu asanu ndi atatu a ku Barrkiya, onse pansi pa mawu akuti analipo. Anatsegula lina, chimodzimodzi.

"Dzina langa lilipo pamenepo?" anafunsa a Bulany.

"Lilipo."

"Eya. Ine m'chipinda muno ndinalowamo koyamba nditameta kale imvi kawiri. Masiku amenewo thupi langa lonse linali pakhonde, pamene pakhala mphwangayo. Diso langa lokha ndi limene linkalowa pawindo."

"Ngati khonde linali msonkhano pamene zinkakomera inu," anatero Galikali, "lero ndi msonkhano pamene zikukomera ife. Kapena munene kuti zonse zimene zinagamulidwa m'mabuku amenewo ndi zabodza, tiyambirenso."

Bambo Hollis anayang'ana mabukuwo, anayang'ana mpando, anayang'ana msana wa mayiyo. Kenako anakhala pansi, anavula chivindikiro cha cholembera chake. Kunena zoona, pamenepa anaonetsa kuti ndi munthu. "Tiyeni tiyambe," anatero.

Galikali anatsitsa mawu. Anaitana mafuko mmodzimmodzi, aliyense n'kuvomera. Atafika pa lachisanu ndi chiwiri analankhula kwa mpando uja.

"Mpando iwe, tafunsa ngati nkhoswe ya Wulkana ilipo."

Panangomveka mvula pamalata. Kenako kuchokera pakhonde kunabwera mawu okhuthala, apansipansi. "Mpando, ilipo."

Amayi achikulire aja anagwedeza mitu. Palibe chimene chinasweka.

Aliyense ankaganiza kuti chovuta chatha, kwatsala kukweza manja. Koma kalata ya boma inabwera ndi mapu a mizere iwiri. Mzere waufupi unkatseka pamathiriro pokha, ndipo boma linati lidzaulondera lokha. Wautali unkafika ku thanthwe la kunja kwa gombe, koma umenewo boma linati alonda a ku Barrkiya adzaulondere okha. Galikali anali atasankha kale waufupi. Boti la alonda ndi laling'ono, nyanja ya kuthanthwe ndi yolusa, ndipo sankafuna kulonjeza chinthu chimene chingadzawachititse manyazi.

"Mpando iwe, maganizo anga ndi akuti titenge mzere waufupi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wautaliwo tidzaupempha mtsogolo."

A Bulany, eni mtsinje, anakhala chete monga mwa mwambo, kudikira nkhoswe.

"Mpando," anatero mawu a pakhonde, "mzere waufupiwo ayi."

Muholo monse anthu anayang'anana. Selma anagwira pakamwa.

"Mpando, wojambula mapuwo anajambula mtsinje madzi ataphwa. Wulkana sathera pamenepo. Nyengo ino madzi ake amayenda pamwamba pa amchere mpaka kuthanthwe. Ndimatunga ndi chikhatho ndili m'boti, ndimamwa. Udzu umene akamba amadya uli pakati pa gombe ndi thanthwe. Tikatseka pafupi, maboti angosuntha pang'ono n'kutchera pamene pali akambapo. Tikhala tatseka chitseko nyumba ilibe khoma."

Galikali anamva kutentha kumaso. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo nkhani yoyamba ya munthuyu ikhale yokana!

"Mpando iwe, tawauza a pakhondewo kuti boti lathu ndi lalikulu ngati beseni."

"Mpando, beseni limenelo lafika kuthanthwe kambirimbiri, silinamirepo."

"Mpando iwe, pali ana atatu amene bambo awo ndi a m'beseni momwemo. Mphepo ya kumpoto ikadzuka, adzawalera ndani? Ine ndalera kale ana amasiye, ndikudziwa kulemera kwake."

Yankho linachokera pakhonde. "Mpando, ndamva, ndipo sindikupeputsa. Mphepo ikadzuka sitidzapita, poti amaukondewo nawo sapita. Koma dziko ili ndi la mayi anga. Anandibala kuti ndiliyang'anire lonse, osati theka. Ndikavomera theka lero, ndikawayankha chiyani?"

"Mpandowu uthyoka lero," ananong'ona a Bulany, koma kunong'ona kwawo kunamveka mpaka kubwalo la ndege. "Katundu wa zaka zonsezi pa miyendo ya pulasitiki!"

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamupatsa Galikali mpata woganiza. Anakumbukira kuti akamba khumi ndi atatu aja sanawapeze pamathiriro, anawapeza kugombe loyang'anana ndi thanthwe. Mkamwini ankanena zoona. Zinamuwawa, komanso zinamukoma, moti sanadziwe chachikulu n'chiti. Anafunsa mamembala ena mmodzimmodzi. Wina anafunsa za mafuta a boti, wina za masiku olondera, ndipo yankho lililonse linkachokera pakhonde, lomveka, losakokomeza. Potsiriza a Bulany anayankhula ngati eni mtsinje, nthabwala ataziika pambali.

"Nkhoswe yanena. Ife eni ake tili pambuyo pake. Mpaka kuthanthwe."

"Mpando iwe," anatero Galikali, "lero wapampando wagonja, ndipo sakudandaula. Ovomera mzere wautali akweze manja."

Iye anakweza lake ali chifulatire. Koma panali vuto lina laling'ono: sakanatha kutembenuka kuti awerenge, ndipo dzanja la pakhonde sakanaliyang'ana ngakhale pang'ono.

"Bambo Hollis, tagwirani ntchito. Imirirani muwerenge."

Mlendo wa ku Darwin, amene anabwera ndi kalata yolanda mpando m'chikwama, anaimirira n'kuyamba kuwerenga manja ngati mwana wa sukulu. Anawerenga asanu ndi limodzi m'kati. Anazungulira mpando uja mosamala kuti asaugunde, anasuzumira pakhonde, mvula n'kumunyowetsa phewa.

"Asanu ndi awiri," anatero. "Onse."

Amayi achikulire aja ndiwo anayamba nthungululu, ndipo anthu amene anabisala mvula pansi pa mtengo panja anailandira, mpaka agalu a mudzi wonse anayamba kuuwa. Wulkana watsekedwa mpaka kuthanthwe. Mpando watsala ku Barrkiya. A Bulany anavina atakhala, mapewa okha, diso lawo limodzi likutuluka misozi. Galikali sanadikire kuti chisangalalo chizizire. Anapempha kuti m'buku muwonjezedwe mzere wakuti anthu opewana mwa mwambo akhoza kukhala wina m'kati wina pakhonde, n'kumalankhula kudzera kumpando, kuti ana awo asadzagwirenso njakata ngati imeneyi. Manja anakweranso asanu ndi awiri, Bambo Hollis n'kunyowanso phewa lina.

Phokoso litatsika, Galikali anafunsa funso lotsekera, lija amafunsa mwamwambo chabe. "Mpando iwe, alipo amene ali ndi nkhani ina?"

Anthu anali atayamba kale kuyang'ana kumene kunali masikono. Pakhonde panamveka kutsokomola.

"Mpando, ndili nayo yaifupi." Mawuwo anatsika kwambiri, moti anthu anasiya kusuntha kuti amve. "Mkazi amene ndili naye, pali munthu anamulera yekha, wopanda womuthandiza. Ana anga atatu anabadwira m'manja mwa munthu ameneyo. Wachiwiri uja anabadwa osapuma, munthu ameneyo anamuuzira mpweya mpaka analira, ine ndili kuseri kwa nyumba ngati mlendo. Zaka zonsezi ndinalibe pothokozera. Lero ndapapeza. Basi, ndi yomweyo."

Palibe anaseka, ngakhale a Bulany. Selma anabisa nkhope m'buku la malamulo. Bambo Hollis anaimitsa cholembera m'mwamba.

"Mayi wapampando, izi ndilembe?"

Galikali sanatembenuke. Anapukuta maso ndi nsonga ya siketi.

"Lembani," anatero. "Lembani kuti mpando wamva."

Anadikira nkhope ili kukona mpaka mapazi a pakhonde anatsika masitepe n'kulowa m'mvula. Atatsimikiza kuti apita, anatembenuka n'kutseka msonkhano.